Kadontho Kaima pa Dziwe

Mwamuna wanga anandisiyira magalimoto atatu onyamula madzi, ndi mng'ono wake. Magalimotowo ndinawalandira. Mng'ono wakeyo ndinangomupeza atakhala kale pampando wa malemu, makiyi ali m'thumba, akuti, "Alamu, inu pumulani. Za matayala si za amayi."

Ndinapumuladi, miyezi isanu ndi umodzi.

Ntchito yathu ndi kutunga madzi pa mjigo wathu wa kuphiri, kukathira m'mathanki a sukulu yogonera komweko ndi m'makomo momwe mipopi inauma. Pa galimoto iliyonse pali dzina la malemu, zilembo zazikulu zofiira. Ana a pasukulupo ine sandidziwa. Amadziwa dzina limenelo.

Mwana wanga wamkazi, amene ndi namwino, ndiye anaumirira kuti tiike tizipangizo tolondola galimoto. Anandiikira pa foni. "Amayi, kadontho aka ndi galimoto. Kakayenda, yayenda. Kakaima, yaima." Ine sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, koma kadontho ndimakaona.

Timadontho tiwiri tinkakwera kuphiri bwinobwino. Kachitatu, ka dalaivala amene timamutcha Ndevu, yemwe amathira madzi kusukulu, kankangofika pa mlatho n'kukhotera kumanzere. Kaima theka la ola, kenako ulendo kusukulu. Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, chimodzimodzi.

Ndinawaonetsa alamu anga.

"Zinthu za pa foni zimanama, alamu. Ndi netiweki imeneyo."

"Netiweki yake yokhota pa mlatho womwewo tsiku lililonse?"

"Inu mwayamba kulonda anthu akuluakulu ngati mbuzi. Achimwene sankatero."

"Achimwene anu ankadzuka n'kupita okha kuphiri. Inu mumangodzuka."

Lachinayi ndinakwera njinga yamoto, foni ili m'manja, kulondola kadontho. Tisanafike n'komwe, mphuno inali itandiuza kale. Kumunsi kwa malo ophera ng'ombe kuli dziwe. Ngalande ya magazi ndi ndowe imathera mmenemo. Madzi ake obiriwira, pamwamba pali thovu, matewera a ana atafufuma m'mphepete, ndi galu wakufa miyendo ili m'mwamba, ntchentche zitamuphimba. Pamenepo ndi pamene panaima galimoto ya mwamuna wanga, payipi ili m'madzi, pampu ikulira.

Ndevu anali pamthunzi, akumwa madzi a m'botolo ogula kusitolo.

"Mayi, mwabwera bwanji kuno?"

"Ndabwera ndi netiweki. N'chiyani ichi?"

"Timasefa, mayi." Anakoka payipi kundionetsa. Kukamwa kwa payipiyo anamangako sokosi. Sokosi, ya munthu, yobooka pachidendene. "Komanso timathiramo mankhwala ochapira aja, kachivindikiro kamodzi. Amayera ndithu. Abwana ang'ono anati kuphiri n'kutali, dizilo akutha."

Ndinakumbukira kuti thanki ya kunyumba kwanga amaidzaza ndi galimoto yomweyo. Tiyi wa m'mawa umenewo ndinamusanza pa tayala.

"Zimitsa pampu. Tiye ku galaja."

Titafika ndinatenga tambula ya galasi, ija ya alendo, ndinaidzaza madzi a pa mpopi wa galimoto n'kukaiika pa tebulo pamaso pa alamu anga.

"Imwani, alamu."

Anayang'ana tambula, anayang'ana Ndevu amene anaima pakhomo chipewa chili m'manja.

"Ndilibe ludzu."

"Ana mazana atatu amakhala nalo tsiku lililonse. Imwani. Ndi osefa."

Mawu awo anafewa. "Alamu, tiyeni tikambirane ngati banja. Palibe mwana wafa. Titsuka thanki, mawa tibwerera kuphiri, nkhani yatha. Mukakanena kusukulu atichotsa ntchito, ndipo dzina la achimwene linunkha tauni yonse."

Ndisaname, ndinaima kaye. Sukulu ija ndi imene imatidyetsa, ndipo malemu anaivutikira zaka zitatu kuti aipeze. Koma m'mathanki a pasukulupo munali mudakali madzi a dzulo, ndipo belu la chakudya linali pafupi kulira.

"Dzinalo mwakhala mukuliimika pafupi ndi galu wakufa. Likununkha kale. Bweretsani makiyi."

"Alamu..."

"Makiyi. Onse atatu, ndi a ofesi."

Anawaponya pa tebulo. Ndinatsegula mpopi wa galimoto kuti zonyansazo zitayike, ndinatungako botolo limodzi, n'kukwera njinga yomwe ija, ulendo kusukulu.

Aphunzitsi aakulu anandimvetsera osandidula mawu. Anatsegula botolo, ananunkhiza, anatseka. Anatuma ophika kuti atseke mathanki onse. Kenako anandiuza kuti mwezi wonse ana akhala akutsegula m'mimba, ndipo iwo anachotsa ntchito mayi wina wophika poganiza kuti sasamba m'manja.

"Mumubweze pa ntchito mayiyo," ndinatero.

"Timubweza. Koma galimoto zanu zisadzalowenso pa geti ili."

Sindinapemphe. Ndikanapempha ndi nkhope iti?

Tsopano ndimadzuka n'kutsegula foni. Timadontho tiwiri timakwera kuphiri, ndipo kakachedwa pena pake ndimaimba nthawi yomweyo. Kachitatu kaima pa galaja, kalibe kopita, kalibe dalaivala. Alamu anga akuyenda kwa achibale kunena kuti mkazi wamasiye wagwetsa bizinezi ya m'bale wawo chifukwa cha foni. Wobwera kudzandiweruza ndimamulowetsa mu ofesi, ndimamukhazika pampando. Tambula ija idakali pa tebulo. Pansi pake padikha matope akuda, ndipo mwayamba kuyenda tizilombo.

Ndimangomukankhira pafupi. Mpaka lero palibe wamwa.