Nambala ya Mwini Chiponde

"Fufuta," anatero a Timoteyo, amalume ake a Felista, chala chili pa pepala. "Dzina limenelo silikhala pamwamba pa nthaka ya mayi anga."

Felista sanafufute. Anangokweza pensulo n'kuyang'ana mlamu wake Goliati, amene anali atatsamira makina ogayira chiponde, manja atapinda pachifuwa.

Anali anayi mu shedi yamalata kuseri kwa nyumba ya Luwiza, mkulu wake wa Felista, kwa Mavwere. Felista anali atangomaliza kumene koleji ku Lilongwe, ndipo maganizo a webusaiti anali ake. Mayi wina wa sitolo ku Chipata analawa chiponde cha banjali pa boda la Zambia n'kuchikonda, koma anati sangaitanitse makatoni kwa anthu amene sakuwaona. Anafuna tsamba lawo la pa intaneti pofika Lachisanu. Tsikuli linali Lachitatu.

Kuseri kwa kalendala yakale Felista anajambula mabokosi anayi: dzina la bizinesi, chithunzi, mbiri yathu, kumene tili. Ku koleji ankayankha mafunso odzaza tsamba lonse tiyi asanazizire. Apa mabokosi anali anayi okha, koma ola lachiwiri linali kutha asanadzaze ngakhale limodzi.

"Makinawa anagula ndani?" anafunsa Goliati. "Ndinagulitsa ng'ombe ziwiri za bambo anga kwathu kwa Zulu. Lembani Chiponde cha Goliati, alamu. Musaope munthu."

"Ndiye makinawo aima m'malere?" anatero amalume. "Simenti mwawakhomererapoyi ili pa dothi la ndani? Mtedza ukuchokera m'munda wa ndani? Akamwini, munabwera kuno ndi chikwama chimodzi ndi wailesi yopanda mabatire."

"Ndinabweranso ndi mutu. Ndinakupezani mukutaya mtedza wamakoko kwa mavenda, mukuwathokozanso."

"Mwamva mwano umenewo?"

Felista ankadziwa chimene aliyense ankaopa, chifukwa onse awiri anamukokera pambali dzulo lake. Amalume ankati dzina la mkamwini likalembedwa pamodzi ndi mapu olozera pamudzipo, tsiku lina abale ake a kwa Zulu adzabwera ndi foni m'manja kudzasonyeza kuti malowo ndi awo. Analumbira kuti zikatero agwetsa shediyo. Goliati ankati mkamwini amathamangitsidwa ndi chikwama chomwe anabwera nacho, ndipo dzina la akuchikazi likalembedwa, makina ake asanduka a mudzi. Analumbira kuti awamasula n'kuwakweza pa ngolo. Pakati pa malumbiro awiriwo panali Luwiza, amene anakhala pakona akupukuta mabotolo.

"Bwanji tilembe maina onse awiri?" anatero Felista.

"Loyamba likhala la ndani?" anafunsa amuna awiriwo pafupifupi nthawi imodzi, ndipo anayang'anana monyansidwa kuti agwirizana.

"Chabwino, dzina tilisiye kaye. Chithunzi cha patsamba loyamba?"

"Makina," anatero Goliati.

"Munda," anatero amalume. "Ine nditaima pakati."

"Anthu a ku Chipata akufuna chiponde, amalume, osati choopsezera mbalame," anatero Goliati.

Amalume anadzuka pa mpando, kenako anakhalanso, poti bondo linakana. Felista anatembenukira ku bokosi la mbiri. Goliati anati bizinesi inayamba mu 2021, tsiku limene makina anafika. Amalume anati mayi awo ankasinja chiponde mu mtondo bambo ake a Goliati asanadziwe n'komwe kuvala kabudula. Felista analemba 2021, n'kuikapo chizindikiro chofunsira, n'kufufuta zonse. Pepala linayamba kubooka.

Anaganiza zowazembera. Anatsegula laputopu, nailumikiza ku foni yake, n'kunena kuti ayambe watsegula malo a webusaitiyo, zina zonse adzaze mawa mitima itazizira. Koma tsamba lolembetsera linali ndi funso limene iye analiiwala. Linkafuna nambala ya foni ya mwini wake.

"Ikufuna chiyani?" anafunsa Goliati ataona kuti mlamu wake waima.

"Nambala. Atumizako manambala achinsinsi asanu ndi imodzi. Mwini foniyo ndiye amene angasinthe dzina, chithunzi, ngakhale kutseka tsamba lonse."

Atangomaliza kunena anazindikira kuti walakwitsa. Akanangolemba yake mwakachetechete.

"Ikani ziwiri," anatero amalume.

"Malo ake ndi a imodzi."

Mafoni awiri anagwera pa tebulo. Ya Goliati inali yaikulu, yosweka galasi pakona. Ya amalume inali ya mabatani, yomangidwa ndi mphira kuti batire lisagwe.

"Imeneyo ili ndi laini ya ku Zambia," anatero amalume. "Ndimakumvani mukuimba. Mukufuna chiponde chathu chikalembedwe ku Mwami, tsidya la boda."

"Yanuyo imakhala masiku atatu kotchajitsa, kometera tsitsi kuja. Mayi wa ku Chipata azikalankhula ndi wometa tsitsi?"

"Felista, ndine mlongo wa mayi ako. Lemba yanga."

"Alamu, laputopu imeneyo ikudya magetsi a sola yanga. Ganizani bwino."

Felista anayang'ana kabokosi kopanda kanthu kakuphethira pa sikirini. Anayesa njira zonse m'mutu, monga ankachitira pa mayeso. Akalemba ya amalume, makina apita. Akalemba ya Goliati, shedi igwa. Akalemba yake, onse awiri anena kuti mwana wasukulu wabera mkulu wake. Akapanda kulemba, Lachisanu lifika ndithu.

"Lemba yanga."

Anali Luwiza. Anali ataika botolo lomaliza m'katoni, ndipo ankapukuta manja pa chitenje. M'mikono mwake munali zipsera za chiwaya chokazingira mtedza.

"Iwe khala chete," anatero amalume. "Nkhaniyi tikukukonzera ife."

"Mwakonza maola awiri, amalume. Munda mukuunenawo ndi wa mayi anga, ndipo mayi anausiyira ine. Inu mumauyang'anira, zikomo. Koma chaka chino simunapondemo ngakhale tsiku la kukumba."

Goliati anaseka, koma kuseka kwake kunathera panjira pamene mkazi wake anamutembenukira.

"Inu bambo a Princess, makina ndi anu, sindikana. Mumasindikiza batani, mumazimitsa. Kusankha mtedza wowola ndine, kukazinga ndine, kupeta ndine, mchere ndimayeza ndine. Mayi wa ku Chipata akafunsa chifukwa chake mafuta akuyandama pamwamba, mudzamuyankha za ng'ombe za bambo anu?"

"Mayi a Princess, ndanena kale. Dzina langa likapanda kukhalapo, makinawa agona kwa Zulu lero."

"Sipanala ili pazenera."

Goliati anayang'ana mkazi wake nthawi yaitali, akudikira kuti abweze mawu. Luwiza sanabweze. Goliati anapita pazenera, natenga sipanala, n'kugwada pa simenti. Amalume anatola foni yawo, nanena kuti nkhaniyi ikafika kwa ankhoswe, n'kutuluka akukoka mwendo. Anaima panja pomwepo, pamene ankatha kumva zonse.

Felista anatsitsa mawu. "Asisi, alamu sakuseweratu. Ndikalemba, mwina mawa mudzuka nokha m'nyumbamu."

"Ndamva."

"Nanga makatoni a ku Chipata mugaya ndi chiyani?"

"Pa Kamwendo pali chigayo cha chiponde. Ndidzasenza. Lemba, mng'ono wanga, batire lako lingathe."

Felista analemba nambala ya mkulu wake, naiwerenganso kawiri, n'kudina. Kumbuyo kwake bawuti yoyamba inalira, n'kugwera pa simenti. Goliati anasunthira pa yachiwiri, akumasula pang'onopang'ono kuposa mmene dzimbiri linkafunira.

Foni inalira m'chitenje cha Luwiza. Anaitulutsa, naiyandikiza kumaso, n'kuyamba kuwerenga manambala aja mokweza, imodziimodzi, kuti Felista amve bwino pa phokoso la sipanala.