Anadya Pulasitiki Akumwetulira

Mwana wamwamuna ananamiza mayi ake omubereka pamaso pa alendo. Anawanamiza chakudya chili m'kamwa, akumwetulira, ndipo mkazi wake anamuthandiza kusenza bodzalo. Mlandu wake ndi umenewo. Tsopano imvani mmene zinayendera.

Mayiwo ndi ophika pa sukulu ya mkaka. Zaka khumi ndi zinayi akuphikira ana makumi anayi tsiku ndi tsiku, ndipo palibe kholo linabwerapo kudzadandaula kuti mwana watsegula m'mimba. Amuna awo atamwalira chaka chatha, mwana wawo, amene amakonza magetsi m'nyumba za anthu, anawatenga kuti azikhala nawo. Anabwera ndi masutikesi awiri, mapoto awo, ndi chowotchera nyama cha malemu: mgolo wodula pakati, wa miyendo inayi, umodzi waufupi wofuna kuuchirikiza ndi njerwa.

Anabweranso ndi chinsinsi. Maso awo anali atayamba kuchita nkhungu, ngati galasi la m'bafa munthu akasamba madzi otentha. Sanauze munthu. Ankadziwa kuti aphunzitsi aakulu akangomva, ntchito yatha, ndipo ntchito ikatha iwo asanduka katundu wa pakona m'nyumba ya mpongozi. Choncho ankaphika ndi zala ndi mphuno. Chitini cha mchere kusukulu ankachidziwa chifukwa chinali chopindika pakamwa.

Loweruka lina wamagetsiyo anaitana anzake atatu a kuntchito, mkazi wake anaitana mkulu wake, kuti adzangocheza kuseri kwa nyumba. Mpongoziyo anagula nyama yogaya, mabanzi, tomato, letesi ndi paketi ya tchizi. Anati awotcha mabaga, nyama yoika pakati pa banzi ija. Mayiwo atamva mwana wawo akukwekwereza mgolo pa simenti anatuluka ali ndi thaulo paphewa.

"Chisiye chimenecho."

"Amayi, lero khalani pansi mupume."

"Ndipume ndalima kuti? Bambo ako akamayatsa moto apa iwe unkathawira m'siketi yanga, uli utsi, utsi. Lero wakhala katswiri? Bweretsa njerwa."

Anabweretsa njerwa. Mwana ameneyu sanatsutsanepo ndi mayi ake chiwaikireni bambo ake m'manda.

Baga mayiwo anali asanapangepo, koma sakanavomera. Mpongozi anayesa kuyamba. "Amayi, nyamayi mumaiumba ngati..."

"Apongozi, nyama ndinayamba kuigwira inu musanamere mano."

Ndipo zoona, anaigwira bwino. Anathira mchere, anyezi wodula mwaung'onoung'ono ndi dzira limodzi, anaumba timikate khumi ndi titatu tofanana ngati tayezedwa pa sikelo. Anadikira makala mpaka atasiya kulilima, anaika dzanja pamwamba pa waya, anawerenga mumtima mpaka kanayi, anati moto wakhala. Nyama itagwera pawaya inalira tswee, mafuta akudontha, fungo linadumpha mpanda. Mmodzi wa anzake a wamagetsi, amene amamutcha Wailesi chifukwa pakamwa pake sipazima, anafuula ali pampando.

"Amayi, ngati mulibe mwana wina, ine ndilipo! Uyu mungomubweza, ngosayamika!"

"Iwe ndingakudyetse ine? Mimba imeneyo ikufuna boma."

Anthu anaseka. Mayiwo anamva kukoma mumtima, kukoma kumene anali asanakumve chaka chonse. Anaima pomwe ankaima amuna awo, chotembenuzira m'manja, utsi ukuwalowa m'tsitsi.

Kenaka inafika nthawi ya tchizi. Anang'amba paketi ndi mano. Mkatimo munali timapepala ta tchizi tosanjikizana, tosalala, tozizira, tosamatirirana n'komwe. Anatisisita ndi chala. Zinthu za masiku ano, anatero mumtima, chilichonse n'choterera. Anaona kunyezimira pang'ono, anati ndi mafuta ake. Sanadziwe kuti tchizi wotereyu kagawo kalikonse kamabwera katavala kapulasitiki kakekake, kopyapyala ngati khungu la anyezi. Anasanjika kamodzikamodzi pa nyama khumi ndi ziwiri. Ya khumi ndi chitatu anaisiya yopanda kanthu, yawo, chifukwa tchizi amawatentha pamtima.

Mpongozi anafika ndi thireyi ya mabanzi, anaima chilili.

"Amayi, tchiziyo..."

"Watani?"

"Ndimati..."

"Mumati chiyani? Ndaika msanga? Ndachedwa? Nenani, poti sukulu munapita ndinu."

Mpongozi anatembenukira kwa mwamuna wake. Mwamunayo anapukusa mutu. Mayiwo anaona ndithu kuti chinachake chagwedezeka kumene kunali mwana wawo, koma anayesa akuingitsa ntchentche.

"Palibe, amayi. Mabanzi ndi awa."

Anatseka okha mabaga onse: banzi pansi, letesi, nyama ndi tchizi wake, tomato, banzi pamwamba. Anagawa okha, mbale ndi mbale.

Woyamba kuluma anali Wailesi. Analuma theka lonse nthawi imodzi, akunena nkhani ya bwana wawo amene anagwidwa ndi magetsi pokonza ketulo ya mkazi wake. Nkhaniyo inathera pakati. Panagwa bata loti mpaka makala ankamveka kuthetheka. Mayiwo, ataima pafupi ndi mgolo uku akudya nyama yawo ndi zala, anayesa ndi bata la anthu amene chakudya chawagwira mtima.

"Bwanji, mwasowa mawu?"

Anayankha ndi mwana wawo, mokweza kuposa mmene amalankhulira. "Amayi, izi ndiye zenizeni! Za m'malesitilanti zija zichepa kutali. Si choncho, anyamata?"

"Zichepa," anatero anyamata.

"Zakoma kwambiri, amayi," anatero mkulu wake wa mpongozi. "Ndipatsireniko kapepala kopukutira kena."

Timapepala topukutira tinayenda kwambiri masana amenewo. Madzi akumwa anayendanso. Mayiwo anakhala pansi tsopano, nayamba kusimba za malemu, mmene anadulira mgolo uja ndi sowo yobwereka, mmene ankatukwanira makala onyowa ngati ndi anthu. Anagwetsa misozi pang'ono, anaipukuta ndi thaulo. Kenaka anauza mpongozi, pamaso pa mkulu wake, kuti kuphika si kuwerenga pa foni, kuphika ndi manja. Anatenga baga wina anamuika pa mbale ya Wailesi.

"Amayi, ndakhuta."

"Iwe kukhuta? Idya. Unati ukufuna kukhala mwana wanga."

Wailesi anadya, atatembenukira ku mpanda.

Dzuwa litapendeka, mpongozi anadzuka msangamsanga kutolera mbale, akuunjika timapepala tonse pamwamba. Mayiwo anamulanda mulu wonsewo.

"Khalani ndi alendo anu. Kapena mbale za m'nyumba muno zimadana ndi manja anga?"

"Ayi amayi, ine ndimangoti..."

"Lero mwakhalira kumangoti."

Kukhitchini anatsegula mpopi, anayamba kupala mbale yoyamba. Chala chinakodwa pa kanthu kokwinyika, kolimba, komata m'mphepete. Anakakanda ndi chikhadabo, anakakoka. Kanatamuka osaduka. Anapita nako pawindo, anakayandikiza pamphuno penipeni, anakatembenuza. Mkati mwake munali tchizi wotsalira. Pakona pake panali mano a munthu.

Anafunyulula kapepala kopukutira koyamba. Munali kena. Kachiwiri, kena. Kachitatu munali tiwiri, tokulungidwa bwinobwino ngati mankhwala. Anatiyala pa sinki timodzitimodzi. Tinakwana khumi ndi kamodzi.

Nkhope inatentha kuposa mmene inatenthera pamoto paja. Anakumbukira liwu lawo lomwe likuti kuphika ndi manja. Anakumbukira misozi ija, kulira malemu pamaso pa anthu amene nthawi imeneyo anali kulavula pulasitiki mobisa, akugwedeza mitu mwachisoni masaya ali tututu. Kunja kunamveka kuseka. Mwina ankaseka za mpira. Mayiwo anafuna pansi patang'ambika.

Anagogoda pagalasi la windo ndi supuni. "Iwe! Bwera kuno. Ndi akazi ako."

Analowa awiriwo. Wamagetsi ataona zimene zinali pa sinki anatseka chitseko.

"Ichi n'chiyani?"

"Amayi, si nkhani yaikulu."

"Ndakufunsa kukula kwake? Ndati n'chiyani?"

"Ndi pulasitiki wa tchizi."

"Ndakudyetsani pulasitiki."

"Palibe wadwala, amayi. Tonse timachotsa."

"Ndawerenga khumi ndi kamodzi. Kena kali kuti?"

Mwanayo anayang'ana pansi. "Ndinameza. Munkandiyang'ana."

"Ndinkakuyang'ana! Ukanadziwa kuti pamene unakhala paja ndimangoona chithunzithunzi cha malaya..." Anadzigwira pakamwa, koma mawu anali atatuluka kale. Ndipo chimene chinawapweteka n'chakuti palibe anadabwa. Mwana sanadabwe. Mpongozi sanadabwe.

"Mumadziwa," anatero mayiwo.

Anatembenukira kwa mpongozi.

"Apongozi, inu munaona ndisanatseke mabanzi. Munali ndi pakamwa."

"Ndinayamba kunena, amayi. Munandidula."

"Ndinakudulani lilime? Munthu akakukalipirani mumamusiya adyetse alendo zinyalala? Mukanandilanda chotembenuziracho. Mukanakuwa. Ndikanakutukwanani, inde, mawa lake n'kutha."

"Awa anandiletsa."

"Ndinamuletsa ndine," anatero wamagetsi. "Amayi, chimwalirireni bambo sindinakuoneni mukuseka ngati lero. Ndikanati chiyani? Pamaso pa anzanga?"

"Ndiye anzakowo sanaone? Unandibisa kwa ndani? Aliyense pabwalo paja amadziwa kupatula ine mwini wake. Ndimavina ndekha pakati, nsalu itang'ambika kumbuyo, inu mukuwomba m'manja." Anapuma. "Kangati?"

"Amayi?"

"Usandiyese mwana. Mwadya zangati m'nyumba muno muli chete?"

Amene anayankha ndi mpongozi, ndipo pa ichi chokha tiyeni timupatse ulemu wake.

"Tiyi wa mchere kawiri. Mbale mukatsuka ndimadzatsukanso mukapita kuchipinda. Mpunga mukasankha ndimasankhanso. Mwezi watha mu nyemba munali kachidutswa ka waya wotsukira mapoto. Kanandibaya m'kamwa ine."

"Waya."

"Kakang'ono, amayi."

Mayiwo anakhala pa mpando wa pakhitchini. Sankaonanso sinki kapena ana awiriwo. Ankaona mabenchi aafupi a kusukulu, timbale ta pulasitiki makumi anayi, ndi ana a zaka zitatu amene amadya akuimba, osayang'ana m'mbale. Waya wotsukira mapoto kusukulu amakhala pa shelefu pamwamba penipeni pa poto wa nyemba.

"Inu ndinu akuluakulu," anatero motsitsa. "Mumalavulira m'kapepala. Mwana wa zaka zitatu amalavulira kuti? Amameza. Mwezi wathunthu mukudziwa za waya, m'mawa uliwonse mumandiona ndikumanga mpango kupita kukaphikira ana a eni, n'kumati muyende bwino amayi."

"Timaopa kuti ntchito ikakutherani mudzatha nanu," anatero mwanayo.

"Nanenso ndimaopa zomwezo. N'chifukwa chake ndinabisa. Ine ndalakwa, ndikudziwa, ndipo manyazi ake ndi awa andikhala pakhosiwa. Koma ine ndimabisa ndili mu nkhungu, ndimadzinamiza kuti zala zikukwanira. Iwe umaona bwinobwino ndi maso awiri."

Anadzuka, anatolera timapulasitiki tonse pa mbale imodzi, anatuluka nayo kunja. Alendo anasiya kulankhula. Anaika mbaleyo pakati pa tebulo.

"Ana anga, ndakudyetsani izi. Maso anga sakuona bwino, ndipo ndinakana kuuzidwa. Pepani."

Palibe anadziwa poyang'ana. Wailesi anakanda m'mutu. "Amayi, nyamayo payokha inali bwino zedi. Pakanapanda chovalacho..."

"Khala chete, iwe. Unadya awiri osanena kanthu, ndiwe wabodza ngati mnzakoyu."

"Wachiwiriyo munandikakamiza, amayi."

Wina anafuna kuseka, anakugwira. Mayiwo sanaseke. Analowa kuchipinda kwawo, anatseka, anatenga foni. Nambala ya aphunzitsi aakulu anaipeza poiyandikiza pamaso mpaka kukhudza nsidze. Anawauza zonse, za nkhungu, za waya, osachotsera. Anati Lolemba sabwera, apita kukaonetsa maso, ndipo asadzagwirenso poto wa ana mpaka adokotala atanena. Aphunzitsi aakuluwo anati amva, koma ana sangagone ndi njala, afuna munthu wina mawa lomwe, ndipo sangalonjeze kuti malowo adzawadikira.

"Musalonjeze," anatero mayiwo. "Mumuuze kuti chitini chopindika pakamwa ndi cha mchere. Ndipo achotse waya pa shelefu ija."

Atadula foni anamva mwana wawo ataima kuseri kwa chitseko, akupuma, osagogoda. Sanamutsegulire. Mpaka lero mwanayo amati anachita zimenezo chifukwa cha chikondi, ndipo abale onse amuikira kumbuyo, ati mayiwo ndi ouma mtima, mwana wabwino chotere.

Tsono inu amene mwawerenga, musandipatse nkhope ya chisoni, ndatopa nayo. Ndiyankheni. Kukanakhala kuti waya uja anakathera pakhosi pa mwana wanu, mwana amene munamusiya pageti m'mawa ali ndi kachikwama kumsana, mukanapita kukamuthokoza wamagetsi ameneyu chifukwa chokonda mayi ake? Ndikudikira. Yankhani.