Malegeni pa Mkono wa Atate

Chichokereni maliro a amayi ake, Kondani ankayang'ana pakamwa pa bambo ake m'mawa uliwonse. Amayi aja zinayamba choncho: mlomo kupendekera mbali imodzi, kenako sitiroko n'kuwatenga. Iye anasiya koleji n'kubwerera ku Palabana, ati kudzathandiza kukama ng'ombe. Koma chenicheni anabwera kudzalondera mlomo wotsalawo.

M'nyengo yozizira mlomo wa bambo akewo, a Abson, unapendekeradi, kwa tsiku limodzi. Kuchipatala ku Lusaka, a Ednah, namwino wa gulu lofufuza, anawabwereka makina onga oyezera BP. Anati nsalu yake imafinya mkono pang'ono chabe n'kumasula, kufinya n'kumasula. Mkono ukasowa magazi kwa kanthawi, thupi limachenjezeka, mwina mitsempha ya mu ubongo n'kuzolowera kutseguka bwino.

"Tikali kufufuza, ba Abson," anatero. "Mankhwala musaleke. Ndipo makina ndiye yadziwa nthawi yomasula, osati imwe."

Kenako kapaipi ka makinawo kanang'ambika. Kondani anakwera minibasi kukasinthitsa, anthu a gulu lofufuza aja osawapeza, n'kubwerako dzuwa litapendeka.

Ng'ombe zinali kulira m'khola, zosatsekuliridwa. Njinga inali itatsamira pakhoma, zigubu za mkaka zili pansi. Malegeni omangira zigubuzo, aja odulidwa ku chubu chakale, panalibe.

Bambo ake anawapeza kuseri kwa khola atakhala pampando. Mphira anali atazengeza pamwamba pa chigongono, mfundo yawo ija yomwe chigubu sichigwedera nayo ngakhale pamabampu. Dzanja linali lotupa, lotuwa ngati phulusa.

"Atate! Mwamanga liti?"

"Utangochoka. Iwe, usanikalipire, nine tate wako."

"Anakamba kuti pang'ono chabe!"

"Pang'ono ni za anthu a m'maofesi. Ine nikamanga, nimanga." Anayesa kuseka. "Amai ako sitinawachitire kalikonse. Unafuna nikhale chabe, niyembekeze?"

Kondani anayesa kumasula mphirayo. Mfundo inakana, anaidula ndi mpeni. Pakhungu panatsala ngalande yakuda.

"Finyani chala changa."

"Nafinya."

Zala zinali zili phee. Kondani anakweza maso, ngati m'mawa uliwonse, kuyang'ana pakamwa paja. Sanathe kudziwa ngati kunali kupendekera kapena mthunzi wa denga chabe. Dontho la malovu linatsika pachibwano, a Abson osalimva.

Anakankha njinga n'kuwakweza pakaliyala. Kumsewu wa minibasi kunali kutali, njira yake ya miyala yokhayokha.

"Nigwireni m'chiuno, Atate."

Mkono umodzi unamugwira. Winawo unangolendewera pafupi ndi masipoko.

Kondani anatsika, n'kutola malegeni aja m'fumbi. Analumikiza pomwe anadula, nazengeza mphirayo kumsana kwa bambo ake ndi pamimba pake, mosakoka kwambiri.

"Mfundo yako ni yofooka," a Abson anatero kumsana kwake, mawu akutuluka olemera, ngati adzaza madzi m'kamwa.

Kondani anaponda pedulo.