Timabotolo ta Mlamu Edileuza

Ndinabwerera kwathu kuchokera kunja, kuminda ya nzimbe ya ku Pernambuco, mutu utayera kale. Mtengo wa mango anadula, tchalitchi anachipaka utoto wonyansa, koma njoka zam'mimba ndinazipeza zilipo, zokhulupirika kuposa abale.

Ntchito yanga ndi masamu. Mukandiuza kuchuluka kwa ana amene chimbudzi chawo chapezeka ndi mazira a njoka, ndimawerengera mmene matendawo afalikire kudzera m'dothi. Boma limatsamira masamuwo posankha midzi yolandira mankhwala. Chaka chimenecho masamu anati kwathu njoka zatha mphamvu, ndipo mudzi wathu unachotsedwa pamndandanda wolandira mankhwala. Ndinapita kukakondwera nawo.

Pakhonde pa mchimwene wanga Josenildo ndinapeza mwana wake wamkazi, Nilza, zikope zili mbuu, akunyambita dothi la kukhoma.

"Mlamu, mwanayu sanayezedwe?" ndinafunsa amayi ake, Edileuza.

"Anayezedwa ndithu. Timabotolo tonse toikamo chimbudzi tinabweza todzaza."

Josenildo anaseka, chinangwa chili m'kamwa. "Auze zoona, iwe. Achemwali, khanda lathu ndi ngwazi! Linadzaza timabotolo ta nyumba yonse, ndi ta aneba athu Dona Zefinha tomwe."

"Khala chete, chidakwa iwe!" Edileuza anandiyang'ana. "Tinamva kuti zikupita kwa inu, mlamu, kunja uko. Ndiye azungu aziona zonyansa za ana akuluakulu, n'kumati kwawo kwa dokotala n'kwa auve? Za khanda n'zoyera, ndi mkaka wokhawokha. Amayi tonse tinagwirizana pochapa kumtsinje. Tinakusungirani ulemu."

Khanda loyamwa silipondako pansi. Njoka lingazitenge kuti?

Ndinaimba foni ku ofesi ya zaumoyo ku Recife. Mayi wa mawu okoma anandimvera chisoni, nati mankhwala anagawidwa kale, kuyeza kwina kudikire zaka zikubwerazo.

Ndinagulira Nilza mapiritsi m'tauni. Anameza ndi madzi a nzimbe, nafunsa: "Azakhali, ndiye ndachira?"

Ndikanakhala mlendo wamba ndikanati inde. Koma ndine ndinalemba ndi dzanja langa zimene zimachitika mukachiza mwana mmodzi, anzake onse akuthirabe mazira m'dothi lomwe amaseweramo. Mvula ikangobwera, njoka zimabwerera mwakale.

"Kwa lero, mwanangu," ndinatero.

Anadumpha pakhonde, nathamangira kwa anzake kuseri kwa nzimbe, alibe nsapato.