Lole Yofiira ya Che Zubairu

Fauziya anatsika pa kabaza laputopu ili m'chitenje, ataigwira ndi zala ngati thewera la mwana wa eni. Kuchokera ku Utale mpaka pa Balaka sanafune kuti chinthucho chimukhudze pamwendo. Analowa m'kashopu ka Yoram, wokonza makompyuta kuseri kwa msika, n'kuiika pa tebulo.

"Muichape," anatero. "Mukalephera, achimwene anga akuti akaiponya mu Rivirivi."

"Pang'onopang'ono, mayi. Yalakwanji?"

Nkhaniyo inali yovuta kuitulutsa pakamwa. Laputopuyo inali ya bambo ake, Che Zubairu, amene anayendetsa malole zaka makumi atatu pa msewu wa ku Nacala. Sitiroko inawalanda dzanja lamanja ndi lilime, n'kuwasiyira mawu awiri okha, "eee" ndi "iyayi". Chimene chinkawadzutsa m'mawa chinali gemu yoyendetsa malole, imene ankaisewera ndi dzanja lamanzere sola ikangotola moto. M'zaka ziwiri anali atasonkhanitsamo malole asanu ndi awiri, ndipo yofiira ndiyo inali ya pamtima.

Ndiye Lachisanu lapitalo, azibambo atatu a kumzikiti anabwera kudzawazonda mapemphero a swala atatha. Ali mkati mwa duwa, kumupempherera wodwalayo, pa sikirini panangotulukira akazi amaliseche, ndi phokoso loti munthu wolongosoka sangalifotokoze. Alendowo anavala nsapato osatsanzika. Che Zubairu ankangoti "iyayi, iyayi," malovu akutsikira m'ndevu. Amene anatseka laputopuyo anali Salimu, mwamuna wa Fauziya, mkamwini wa pakhomopo.

"Matendawa amasokoneza mutu," anatero Salimu tsiku limenelo, akupukusa mutu mwachisoni. "Tiwakhululukire akuluakuluwa."

Pofika m'mawa nkhani inali itafika kale kumjigo. Ndipo chimene chinkamuwawa Fauziya kwambiri n'chakuti nayenso anakhulupirira. Masiku anayi ankawamwetsa phala bambo akewo nkhope atayang'ana kukhoma.

Yoram anayatsa laputopuyo, n'kuyamba kutsonya.

"Windozi yanuyi ndi ya m'njira, ndipo mavairasi adzazamo ngati nsikidzi m'mphasa. Kuphaipha imodziimodzi n'kutaya nthawi. Ndichotse zonse, m'malo mwa Windoziyi ndiikemo ina yotchedwa Linaksi. Tizilombo tambiri ta m'mafulashi kumeneko sitipeza pogwira."

"Nanga gemu yawo?"

"Apo ndiye pali ntchito. Gemuyi anaipangira Windozi, koma pali kapulogalamu koinyengerera kuti iyende kwinaku. Kungoti ndiyambe ndasamutsa malole awo. Ndikapanda kutero, madala ayambiranso pa wilibala."

Fauziya sanaseke. Anatsala pang'ono kunena kuti afafanize zonse, gemu ndi malole omwe, nkhalambayo ikhale ndi tasibihi yake, mikanda yopempherera ija, basi. Koma anakumbukira mmene bambo akewo ankawongolera msana lole yofiira ikamakwera phiri.

"Samutsani," anatero.

Yoram anatsegula foda ya gemuyo, kenaka anaima.

"Malole asanu ndi awiri sangalemere chonchi. Muli katundu wina umu." Anadina kawiri, nthawi yomweyo n'kutembenuzira sikirini kukhoma. "Musaone, mayi. Ine ndaona zambiri pa ntchitoyi, koma izi ndiye nkhomaliro yandithera. Wina anakopera zinthuzi kuchokera pa fulashi n'kuzibisa pansi pa gemu. Vairasi inabwera nazo, ndiyo inazivundukula pamaso pa alendo. Kodi bambo anu amadziwa kukopera zinthu?"

"Ndimawayatsira ndine. Amadziwa mabatani anayi ndi hutala."

"Ndiye tione masiku. Makinawa alibe chinsinsi, amalemba chilichonse. Pa 14 Marichi, teni koloko m'mawa. Pa 11 Epulo. Pa 9 Meyi."

Fauziya anapisa m'chikwama n'kutulutsa buku la kuchipatala la bambo ake, limene sankasiyana nalo. Anatsegula masamba, chala chikuyenda pa zidindo. Masiku onse atatu analimo. Anali masiku amene iye ankawaperekeza kuchipatala kukawongola dzanja, kuchoka m'mawa kubwerera dzuwa litapendeka. Ndipo masiku amenewo mutu wa Salimu sunkalephera kuwawa, moti ankatsala yekha pakhomo.

Anatuluka panja n'kulavula m'ngalande. Sizinali zithunzi zokha zimene zinamunyansa. Salimu anali ndi foni, anali ndi anzake, anali ndi malo ambirimbiri obisapo uve wake. Koma anasankha kuubisa kwa munthu amene sangathe kunena kuti si ine. Munda umene Salimu ankalima anamupatsa ndi Che Zubairu omwewo. Zoonadi, kamba amanyerera amene wamutola.

"Mundilembere masikuwo papepala," anatero atalowanso. "Zinazo mufafanize, pasatsale ndi fungo lomwe."

Ntchito inatenga maola atatu. Gemu inakana kawiri, Yoram akuilankhula ngati mbuzi yokana kulowa m'khola, kachitatu inatseguka. Malole onse analimo. Anamuonetsa Fauziya podina, n'kumuuza kuti asankhe pasiwedi yodziwa iye yekha.

Anafika ku Utale dzuwa likadalipo. Che Zubairu anali pakhonde, pa mpando wawo, akuyang'ana nkhuku. Fauziya anawaikira laputopu pa katebulo, nayatsa. Ataona sikirini yachilendo nkhope yawo inagwa, koma lole yofiira itatulukira, dzanja lamanzere linapita lokha pa mabatani. Fauziya anagwada.

"Baba, ndadziwa kuti si inu. Mundikhululukire."

Che Zubairu anamuyang'ana m'maso.

"Eee," anatero.

Salimu anatulukira kuseri kwa nkhokwe akutokosa m'mano ndi kamtengo.

"Yachapidwa eti? Zikomo kwambiri. Tsono pasiwedi undiuze, amake Husna, ndiziwayang'anira akuluakuluwa asabwerezenso."

Fauziya anaimirira n'kumupatsa pepala la Yoram pamodzi ndi buku la kuchipatala.

"Werengani zonse ziwiri, bambo a Husna. Ndinu ophunzira."

Salimu anawerenga. Kamtengo kanagwa pakamwa.

"Zinthu za makinazi zimalakwitsa, iwe ukudziwa."

"Lachisanu swala ikatha, azibambo atatu aja abweranso pano, ndi achimwene omwe. Mudzawauza ndi pakamwa panu kuti zinthu zija zinali za ndani. Mukaona kuti n'zolemera, chikwama chanu ndachiona, chili pansi pa bedi, ndipo msewu wa kwanu ku Chiuta simunauiwale."

Salimu anatembenukira kwa apongozi ake, manja atawagwirizanitsa. Che Zubairu sanamuyang'ane. Anaika chala pa batani la hutala n'kudina, ndipo sanachotsepo mpaka mkamwiniyo atatsika pakhonde.