Kamera Yoona Kabowo ka Singano

Ine ndikagula chinthu ndimafuna chiposeko cha wina aliyense mumsewu wathu, ngakhale ntchito yake ndisakuidziwa. Akazi anga amati matenda amenewa ndinabadwa nawo. Simbi ya mushopu mwathu ili ndi mabatani ambirimbiri, koma chiigulireni ndimadina limodzi lokha. Ndiye nkhani ya kamerayi isakudabwitseni.

Shopu yathu ndi ya utelala. Pachikwangwani pali dzina langa, koma manja amene anaidzutsa ndi a achimwene, akulu anga a bere limodzi. Ndi iwowo anandiphunzitsa kugwira sizasi, akundikwapula ndi tepi m'zala ndikadula mokhota. Nditakula zinaoneka kuti luso langa lili pakamwa. Ine ndimalandira makasitomala, kuwayeza, kuwalonjeza tsiku limene sitingakwanitse, kenako kupepesa tsikulo likafika. Achimwene malo awo anali kumbuyo, pa tebulo lodulira pafupi ndi windo, pampando wa khushoni yophwa, choko chili kuseri kwa khutu. Salankhulalankhula. Akati "mmm" ndiye kuti afotokoza zonse.

Tsono nsalu za anthu zinayamba kuchita zachilendo. Mayi wina wabweretsa nsalu yokwanira diresi, poti tisoke yaperewera mkono. Nsalu ya suti yasowa lero, mkuja yapezeka pashelefu pomwe ndinafunafuna, koma mtundu wake utasinthako pang'ono ngati inapita kokaothera dzuwa. Wopepesa ndinali ine, mpaka mano kuuma ndi kumwetulira. Kenako diso langa linagwera pa chikwama chakuda cha achimwene. Kale chinkangonyamula ambulera ndi botolo la madzi, koma tsopano poweruka chinkatuluka chili ndi mimba.

Mtima unandipweteka, sindinama. Komanso, ndinene zoona, ndinamva kukoma kwinakwake kodziona kuti ndine munthu wochenjera amene sapusitsidwa.

Nditawatsina khutu akazi anga, anangoti, "Afunseni."

"Ndiwafunse? Munthu wamkulu ngati uja ndikamuyambe bwanji? Ndikati, achimwene, kodi mukundibera?"

"Ndani wati mukafunse zimenezo? Kawafunseni ngati ali bwino."

Ndinaseka. Ndinawauza kuti dziko linapita patsogolo, masiku ano munthu safunsa, amaika kamera. Iwo anangopitiriza kupinda zovala.

Kusitolo ya makamera ndinalowa chifuwa chili patsogolo, chifukwa ndinali nditawerengako pafoni mawu akuti mamegapikiseli, ndipo ndinawatchula ndisanapereke ndi moni womwe. Mwini sitoloyo, mkulu wamfupi wa ndevu zosongoka, anandisiya ndimalize kaye.

"Mukufuna kuona chiyani, bwana?"

"Zonse."

"Ya zonse kulibe. Ilipo yongokuuzani kuti padutsa munthu. Ilipo yokuuzani kuti munthuyo ndi uje. Ndiye ilipo yokuuzani chimene chili m'manja mwake. Inu mukufuna iti?"

Anandifotokozera kuti chithunzi chimapangidwa ndi timadontho, ndipo timadonthoto tikachuluka mukhoza kuchikulitsa osasanduka chifunga. Anaika kiyi pakauntala kutali uko, n'kundionetsa pasikirini. Pa kamera yotchipa kiyiyo inkaoneka ngati kachitosi ka nkhuku. Pa yodula ndinaona mano ake onse, ndi dzimbiri lomwe. Anandichenjeza kuti yakuthwa chonchi imadzaza msanga kabokosi kosungira zithunzi, ndiye pafunika kakakulu, komanso kuti pa shopu yaing'ono ngati yathu ziwiri zapakatikati zikanakwana bwinobwino. Zapakatikati! Ine?

"Ndikufuna yoona kabowo ka singano," ndinatero.

"Imeneyo ilipo, bwana. Bola mukhale ndi mtima woonera."

Ndinayesa akunena za mtengo. Ndinagula yakuthwayo ndi kabokosi kake, ndipo poti thumba linali litayamba kulira, yachiwiri ndinatenga yotchipitsitsa, ya chitosi cha nkhuku ija.

Tsiku lodzamangirira, mkulu wa makamerayo anaimika makwerero pakhomo, atanyamula yakuthwa ija.

"Ayi, imeneyo ipite uko," ndinaloza kumbuyo.

"Pamwamba pa tebulo lodulira?" anafunsa mokweza, ngati tili kumsika. "Wakuba amalowera pakhomo, bwana. Pakhomo mukaika yotchipayi mudzangoona mthunzi wovala chipewa."

"Nsalu zodula zimakhala uko," ndinayankha msangamsanga, nanenso mokweza, kuti chifukwacho chifike kumene chimayenera kufika.

Achimwene anali ndi mapini pakamwa. Sanadzutse mutu. Anangosuntha mpando wawo kuti makwerero aime bwino, ndipo poona kuti pansi m'posalingana, anawagwirira okha mpaka munthuyo anatsika. Ine mumtima ndikuti, taonani kulimba mtima kwa anthu osolola.

Sabata yonseyo ndinadzigwira, osasuzumira. Ndinkachita kutuluka dala masana, ndikulengeza kuti ndichedwako, kuti nyambo igwire. Lamlungu masana ndinakhala pasofa kunyumba, kapu ya tiyi pambali, foni m'manja, nkhope ngati wapolisi wofufuza milandu ikuluikulu.

Ndinayamba ndi kamera ya pakhomo. Abale inu! Chifunga chokhachokha. Chinthu china chonenepa chinalowa m'mamawa chikuyenda mokayikitsa, mtima wanga n'kugunda kuti ndamupeza, kenako ndinazindikira kuti mimbayo ndi yanga. Nditatsegula ya patebulo, zonse zinali mbee. Ndinaona ulusi uliwonse wa nsalu, fumbi la choko, ngakhale nyerere ikuyenda m'mphepete mwa tebulo. Ndinaonanso dazi pakati pa mutu wanga, limene anthu onse a m'nyumba mwanga anapangana kuti asandiuze. Ndinadzigwira pamutu, n'kupeza lilipodi.

Kenako ndinafika pamene ine ndatuluka, achimwene atsala okha. Ndinakhala tsonga.

Anatenga singano ndi ulusi. Ananyambita nsonga ya ulusiwo, n'kulunjika. Kamera yanga sinaname, kabowo ka singano kankaoneka bwinobwino, ndipo ulusi unadutsa pambali. Ananyambitanso. Unadutsanso pambali. Anatembenukira kuwindo, anaitalikitsa singanoyo, anaiyandikitsa mpaka pamphuno, koma ayi ndithu. Munthu amene kale ankalowetsa ulusi akuyang'ana kumsewu! Pamapeto pake anatsinzina, n'kumafufuza kabowoko ndi nsonga ya chala, mpaka ulusi unalowa. Anapumira m'mwamba, mapewa n'kugwa.

Tiyi wanga anazizira pomwepo. Ndinaona akuyala nsalu yakuda ya buluku la kasitomala, akujambula mzere ndi choko, ataweramira mpaka chipumi kutsala pang'ono kugunda tebulo. Anayamba kudula. Poyamba sizasi inatsata mzere, kenako inayamba kuusiya pang'onopang'ono, iwo osadziwa, mpaka inakalowa mkati mwa mwendo wa bulukulo. Ine pasofa ndinakuwa kuti, "Achimwene, imani!" ngati angandimve. Atamaliza anapapasa m'mphepetimo ndi zala, ndipo zalazo ndi zimene zinawauza. Kenako anapinda nsalu yoonongekayo, anayang'ana kukhomo, n'kuilowetsa m'chikwama chakuda chija.

Pazithunzi za m'mawa wa tsiku lotsatira, ine ndili kutsogolo ndikunamiza kasitomala, iwo anatulutsa m'chikwamamo nsalu yatsopano, ikadali m'pepala la kusitolo, n'kuiika pashelefu. Inali yakuda, koma kuda kwake kosiyana pang'ono. Nanga akanasiyanitsa bwanji? Ndinakulitsa chithunzi pankhope pawo, monga anandiphunzitsira mkulu uja, ndipo sichinasanduke chifunga. Diso lakumanzere linali ndi ng'ala yoyera, ndipo lakumanja linali litayambanso.

"Mwamugwira wakuba wanu?" Akazi anga anali ataima kumbuyo kwa sofa, sindikudziwa kuyambira liti.

Ndinazimitsa foni.

"Amati kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero. "Inu maso a mbale wanu, amene mumakhala naye chipinda chimodzi tsiku lonse, mpaka mwachita kugulira makina. Mawa mukalankhule nawo. Mukayambe ndi kupepesa."

Mukuganiza kuti ndinamva? Munthu wochenjera samva kamodzi. Ndinaganiza njira ina yanzeru, yoti ndiwathandize mwakachetechete popanda wina kuchita manyazi, makamaka ine. Lolemba ndinalawirira. Ndinalowetsa ulusi m'masingano onse, wakuda, woyera, wabuluu, n'kuwabaya pakakhushoni ka mapini, timichira tikulendewera. Ndinalowetsanso ulusi m'makina awo. Mizere ya choko pa nsalu zimene anasiya Loweruka ndinaidutsanso kuti inenepe ngati mizere ya pamsewu. Nditamaliza ndinadziyang'ana pagalasi loyezera makasitomala, n'kudziona kuti ndine mng'ono wabwino kwambiri.

Achimwene anafika nthawi yawo. Anapachika jekete pamsomali, anakhala pansi, n'kutambasula dzanja kukakhushoni kaja. Zala zinakumana ndi timichira ta ulusi. Anatipapasa kamodzikamodzi. Anagwira makina, anagwiranso nsalu, choko chonenepa chija n'kuwatsalira m'zala. Sanandiyang'ane ine. Anadzutsa mutu n'kuyang'ana kamera.

"Iwe."

"Wawa, achimwene."

"Yagwira bwino ntchito?"

Ndinayamba kubwebweta. Ndinati ng'ala masiku ano si nkhani, madokotala amachotsa munthu n'kubwerera kwawo akuona, ndipita nanu ndekha, bwenzi mutandiuza kale. Pakamwa panga paja, pamene pamagonjetsa makasitomala olusa, panathamanga ndithu.

"Za maso ndipita," anandidula. "Mlamu wako wakhala akundikakamiza. Maso si nkhani."

Anachotsa choko kuseri kwa khutu n'kuchiika patebulo.

"Munthu uja ananena kuti wakuba amalowera pakhomo. Iwe unati ayi, ali kuno. Makutu anga alibe ng'ala." Sanakweze mawu ngakhale pang'ono. "Ine ndinkabisa poopa kuti ukadziwa udzati mkuluyu watha, akapume. Ndimati chimenecho ndiye choopsa. Osadziwa kuti mnzanga unadutsa kale pamenepo, unafika pa wakuba."

"Achimwene, sindinkatanthauza..."

"Makwerero ndinakugwirira ndekha. Ndimati mwina potsika munthu uja uchita manyazi, umuuza kuti aichotse."

Chibadwire sindinawamvepo akulankhula mawu ambiri chonchi. Manyazi amene ankawadikira tsiku lija anandipeza tsopano, onse pakamodzi, ndipo ndinalakalaka pansi patang'ambika.

Anatenga sizasi yawo yakale, ya chigwiriro chokulunga ndi kansalu, n'kuiika m'thumba la jekete. Kenako ananyamula chikwama chakuda chija, anatsegula zipi mpaka kumapeto, n'kuchikweza m'mwamba ndi manja awiri, kukamwa kwake kutaloza kamera. Anachigwira choncho kanthawi, kuti ione bwino. Munali ambulera ndi botolo la madzi.

Anatseka, n'kutuluka.

Kwawo ndapitako kangapo. Alamu amandilandira bwino, amandipatsa mpando, amafunsa za kunyumba, kenako amati achimwene angotuluka kumene, pamene nsapato zawo ndikuziona pakhomo. Ndinamva kuti diso limodzi anawachotsa ng'ala ndipo likuona. Ndinamvanso kuti akusokera pakhonde ndi makina akale a malemu bambo athu, ndipo ena mwa makasitomala anga, amene ndinkayesa amabwerera kukoma kwa pakamwa panga, aidziwa kale njira ya kumeneko. Akazi anga amati ndisatope, chibale n'chipsera sichipola. Ndiye Loweruka likubwerali ndipitanso kukakhala pampando uja.

Tsiku lina mkulu wa makamera anaimba foni, kufunsa ngati katundu wake akugwira bwino ntchito. Ndinati kwambiri. Sindinaname. Yakuthwa ija imandionetsa mpando wopanda munthu, khushoni ili ndi dzenje pakati, ndi kachidutswa ka choko pamene anakasiya. Masingano aja akadali ndi ulusi wake. Anandifunsa ngati ndikufuna adzasinthe ya pakhomo, aike yabwinoko, poti ija ndi yongotayira ndalama.

Ndinakana. Ndikakhala kumbuyo ndikulimbana ndi sizasi, foni ndimaiimika patebulo, itatsegula kamera ya pakhomoyo. Imangoonetsa mthunzi wa munthu ukulowa m'chifunga, wopanda nkhope, nthawi zina utanyamula kanthu kakuda m'manja. Aliyense wolowa amaoneka ngati iwo, ndipo nthawi zonse ndimadzutsa mutu.