Nthochi za Pafupi ndi Chitsime

Mdzukulu wanga Sreekala ndi mwamuna wake Vinodan atapeza nyumba yoti agule m'tauni ya Pala, ndinakwera nawo galimoto osaitanidwa. Sreekala anali ndi pathupi pa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ine mwana wanga woyamba anafa ndi madzi a pachitsime. Za madzi sindisekerera.

M'nyumbamo munali mopanda anthu. Mwini wake, bambo Kuriakose, anali ataipaka penti nayala matailosi bwalo lonse. Vinodan anabwera ndi a Basheer, woyeza maenje a zimbudzi. A Basheerwo anatsegula chivundikiro cha simenti kumaso kwa nyumba, kupisamo ndodo, kuyeza mtunda wokafika pachitsime, basi nkunena kuti dzenje ndi labwino ndipo lili kutali.

Ine maso anali pa nthochi. Mvula inali isanayambe, udzu wonse gwa, koma nthochi za pafupi ndi chitsime zinali biriwiri. Nthochi sinenepa popanda choidyetsa, ana inu. Kuseri ndinapeza kachimbudzi kakale ka panja, kothira madzi, kamene zonyansa zake zimapita kudzenje kudzera mu paipi. Bambo Kuriakose anati amalowamo ndi okwera mitengo ya kokonati okha, ndipo komwe kuli dzenje lake sankadziwa, poti iwonso nyumbayo anachita kugula.

"Agogo, ndiye tikumbe bwalo lonseli ndi supuni?" anaseka Vinodan.

"Supuniyo sunga udyere, mwana iwe. Kandigulire parafini," ndinamuyankha.

Ndinathira botolo lonse m'kachimbudzi muja, nkutsatiza ndowa khumi za madzi. Ndinawauza kuti asalembe dzina pa pepala lililonse masiku atatu asanathe. Sreekala anachita manyazi, akuti ndikuwanyazitsa pamaso pa anthu ophunzira. Ndinamuyankha kuti manyazi sanagonekepo munthu kuchipatala.

Tsiku lachitatu Vinodan anatunga yekha madzi pachitsimepo. Anati sakumva fungo lililonse. Koma mphuno ya mayi woyembekezera sinama: Sreekala atangoweramira ndowa anatembenuka, dzanja pakamwa. Pamwamba pa madzi pankayandama kautawaleza ka parafini uja.

A Basheer sanakangane nane. Anazula matailosi pafupi ndi nthochi zija napeza dzenje lakale, long'ambika, mapazi anga asanu ndi atatu kuchokera pachitsime. Bambo Kuriakose anagwira mutu, nati adzukulu awo ankamwa madzi omwewo pa tchuthi. Analipopetsa dzenjelo, kulikwirira, nkutsukitsa chitsime kawiri. Ana aja anagula nyumbayo madzi atayezedwa kutauni.

Tsiku la mwambo wowiritsa mkaka, umene timachita polowa m'nyumba yatsopano, ndinabwerabe ndi chigubu cha madzi a kwathu. Vinodan anachilandira ndi manja awiri, nandionetsa chipinda chimene zenera lake likuyang'ana pachitsime.

"Ichi nchanu, bwana woyeza. Muzilondera."

Ndinavomera. Koma ndinamuuza kuti mpanda wa chitsimewo ndi waufupi, ndipo mwana sachedwa kukwawa.